Mawu Anga pa Foni ya Bashi Mwila

Kwathu kuno ku Mchinji alipo anthu mpaka lero amene amati ku Lusaka ndinkangokhala pampando wozungulira, n'kumadina kompyuta uku ndikumwa tiyi. Bodza limeneli anafalitsa ndi achimwene anga, chifukwa linkawakweza akamacheza ndi anzawo pagolosale. Ine ndikalimva ndimangotsonya. Pampandopo ndinadzakhalapo, inde, koma mochedwa. Poyamba ndinkayenda wapansi m'makomboni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nthawi ya mvula siketi nditaikwinyira m'manja, madzi a ku Kanyama akundifika m'mawondo.

Anandikokera kumeneko ndi Tisa, mtsikana wa ku Chipata amene tinadziwana tikugulitsa mayunitsi pachipata cha Mwami. Iye anatsogola, kenako anandiimbira kuti kampani ina yopanga mapulogalamu a pafoni ikufuna anthu odziwa kukamba ndi amalonda, ndipo za chilolezo chogwirira ntchito akonza okha. Mwana wanga Chisomo ndinamusiya kwa amayi asanayambe n'komwe sukulu. Tsiku lonyamuka anamutengera kudimba kuti asandione ndikukwera galimoto. Amayi sananene zambiri. Anangoti, "Kwa eni ake kumeneko, ukapereke moni kwa aliyense."

Chimene tinkagulitsa chinali pulogalamu yothandiza mwini shopu kudziwa katundu amene watuluka ndi amene watsala, osavutikanso n'kusuzumira m'mashelefu. Chinthucho pachokha sichinali choipa, ndisaname. Koma tayesani kukachigulitsa kwa munthu wa kantemba ku komboni ya George, amene shopu yake yonse akuiona ndi diso limodzi. Woyang'anira wathu anali Ba Kelvin, mnyamata woti kwathu bwenzi ndikumutuma madzi, wonunkhira mafuta odula, wokonda kunena kuti pakampani pano ndife banja limodzi. Iyeyo anatiphunzitsa kuti kasitomala sakana, amangokhala kuti sanamvetse. Akanapita yekha kukamva mmene amakanira mayi wogulitsa makala ku Matero, bwenzi atasintha phunzirolo.

Anatipatsa matisheti obiriwira ndi zipewa, ndiye anthu akationa patali ankaganiza kuti ndife a msonkho. Ena ankatseka mawindo. Bambo wina anandimvetsera bwinobwino mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, n'kundifunsa ngati ndili pabanja. Lolemba lililonse ku ofesi ankaika mayina athu pabolodi, wogulitsa kwambiri pamwamba, ndipo langa silinkasowa, linkakhala pansi penipeni.

Masabata oyamba ndinkagona kwa Tisa ku Kanyama, mpaka tsiku limene tinaweruka n'kupeza matiresi akuyandama. Pamenepo ndinasamukira ku Chawama, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Bashi Mwila ndi Bana Mwila, anthu achikulire ochokera cha ku Kasama. Kwa iwo munthu akabereka satchulidwanso dzina lake, amatchulidwa ndi la mwana woyamba, ndiye Bashi Mwila ndi bambo a Mwila, Bana Mwila ndi mayi ake. Anali ndi shopu ya misomali, maloko, penti ndi mapaipi kutsogolo kwa nyumba yomweyo.

Ine ndinabwera ngati wa lendi, koma Bana Mwila zimenezo sanazilabadire. Nditadwala m'mimba moti sindinkatha kuima, anandigoneka pabalaza pawo, kundisambitsa ngati khanda, kutaya okha ndowa yanga. Kupatula amayi ondibereka, palibenso munthu wina anandichitirapo zotero. Kuyambira pamenepo ankanditcha mwana wandi, kutanthauza mwana wanga, ine n'kumawatcha Ba Mayo. Akamapita kutchalitchi makiyi a nyumba yaikulu ankasiyira ine. Lamulungu ndinkadya nawo, Bashi Mwila akundiseka kuti Amalawi timagwada ngakhale polankhula pafoni. Mumzinda wonse uja, malo okhawo amene ndinkavula nsapato mtima uli m'malo anali nyumba imeneyo.

Atamva kuti ntchito yatsala pang'ono kundithera, Bashi Mwila anandiitana kushopu. "Leta ka apu kako tione," anatero, kunena pulogalamu ija. Ndinadziwa kuti akungondimvera chisoni, munthu woti msomali uliwonse ankaudziwa pamene uli. Polembetsa pankafunika dzina loyamba la mwini shopu. Ndinazungulirazungulira, kenako ndinagwada pafupi ndi kauntala n'kupepesa kuti foniyo ikukana kupitirira popanda dzina lawo lenileni.

"Joseph," anatero akuseka.

Ba Mayo anali pakhomo akusankha kapenta, tinsomba tonga usipa. "Awe, iyo zina na ine ninaibala," anatero. "Ni ya ku unyamata."

Bashi Mwila anauza anzawo a mashopu, anzawowo n'kuuza ena. Ndinazindikiranso kuti anthu akuluakulu ankakonda kalankhulidwe kanga. Anzanga ankalowa m'shopu ndi liwiro, "Bosi, tili na ka apu," pamene ine ndinkayamba ndi moni, kufunsa kunyumba, kufunsa za mwendo umene unkapweteka sabata yatha. Ankati ndimalankhula Chinyanja cha pa wailesi yakale. Anandipatsa dzina loti Ba Malawi, ndipo kuchokera ku Chawama mpaka ku Mtendere ankandiitana choncho. Dzina langa linakwera pabolodi. Kwathu ndinatumiza za malata, ndipo Chisomo anayamba sukulu ali ndi nsapato.

Kenako anandichotsa kumsewu n'kundiika pa desiki yoyankha makasitomala, ine ndi Tisa ndi atsikana ena, m'chipinda cha pamwamba pa nyumba yosungiramo katundu ku Heavy Industrial Area. Mpando wozungulira wa achimwene uja ndi umenewo. Tsiku lonse zomvera zili m'makutu, anthu akukutukwana chifukwa cha zinthu zimene sunawononge iwe. Pulogalamu ikafa tinkaletsedwa kunena kuti yafa, tizinena kuti tikuikongoletsa. Mawu oti pepani sankawafuna, ati amaonetsa ngati kampani yalakwa. Ukachedwa pafoni, pakompyuta pankayaka kanyali kofiira. Ngakhale kuchimbudzi unkayamba wadina batani.

Tsiku lina ndinachedwa ndi gogo wa ku Kalingalinga amene sankaona bwino zilembo, ndikumuyendetsa pang'onopang'ono mpaka katundu wake atabwerera pafoni. Mawa lake Ba Kelvin anaseweretsa foni yonseyo pamaso pa anzanga ngati chitsanzo cha kuwononga nthawi. Amene ankatipulumutsa masiku otere ndi Tisa. Akamaliza ndi kasitomala wolusa ankatseka maikolofoni n'kumuyankha zenizeni zimene zinali kukhosi, ife n'kumaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Masana tinkagawana mbale imodzi ya chipisi pamasitepe.

Ndiye tsiku lina Kelvin yemweyo, amene anandichititsa manyazi chifukwa cha moni wautali, anandiitana akumwetulira.

"Ba Malawi, mau yanu ni golide. Makasitomala bakamvela imwe, mitima ikhala pansi. Tifuna tiyajambule."

Anandilowetsa m'kachipinda komata masiponji m'makoma. Kwa masiku angapo ndinkawerenga ziganizo papepala, kenako mayina a anthu, Ba Abel, Ba Agness, mpaka zilembo kutha. Wojambulayo ankandiimitsa. "Apa sekani pang'ono. Bwelezani, muonetse monga mwamuyewa munthu." Ndinaseka, ndinabwereza, ndinaonetsa ngati ndamusowadi munthuyo. Pomaliza anandigulira keke n'kundijambula chithunzi. Nditafunsa kuti mawuwo apita kuti, anati zonse zinalembedwa kale m'pangano limene ndinasaina polowa ntchito. Ine chitsiru ndinaimbira amayi kuwauza kuti mwana wawo wasankhidwa.

Mawuwo anawaika m'makina oimba okha foni. Kasitomala akangokhala masiku angapo osatsegula pulogalamu, makinawo ankamuimbira, kumutchula dzina, kumupatsa moni wanga, kumusekera kuseka kwanga. Ambiri sankadziwa kuti si munthu. Ndikamadutsa pamsika wa Chawama anthu ankandiimitsa, "Ba Malawi, zikomo mwanitumila foni mailo," kuthokoza foni ya dzulo imene sindinaimbe, ine n'kumangomwetulira ngati wakuba. Pasanapite nthawi theka la desiki linauzidwa kuti lisabwerenso, Tisa ali m'gulu lomwelo. Pamasitepe anandikumbatira, koma ananena ndithu.

"Iwe, mau yako yanidyela nchito."

Anabwerera ku Chipata, ndipo banja limodzi lija silinamuperekeze ngakhale pageti.

Chaka chomwecho Bashi Mwila anagwa m'shopu akutsitsa chitini cha penti. Anafa mbali imodzi, pakamwa panapotoka, mawu anatsekeka. Shopu inatsekedwa, Ba Mayo n'kumagona pansi pambali pa bedi kuchipatala, ine ndikuphika ndi kupititsa chakudya ndikaweruka. Ndikafika ankandigwira chala ndi dzanja lamoyo lija, osafuna kuchisiya. Podziwa mmene makina aja amagwirira ntchito, ndinapita kwa Ba Kelvin kukapempha kuti nambala yawo aichotse.

"Sitichosa kasitomala, Ba Malawi. Mwine wa akaunti afunika atume foni eka, akambe na pakamwa pake ati naleka."

"Munthuyo sakulankhula. Wafa ziwalo."

"Sore maningi. Akapola azatuma."

Ndinadzamva kwa anzathu a makompyuta kuti pakampanipo sankachotsa munthu aliyense. Eni ake anali kunja, ndipo chimene ankafuna kuona ndi chiwerengero cha makasitomala chikukwera basi. Shopu yopsa, shopu yogwa, mwini wake wothawira ku Kitwe, onse ankakhalabe m'makinamo ngati anthu amoyo ndi okondwa. Ndinadzitonthoza kuti foni ya Bashi Mwila ili m'kabati yozimitsa, makinawo aziimba mpaka atatopa.

Bashi Mwila sanapole. Maliro a ku Lusaka amakhala panyumba masiku angapo podikira abale akutali. Mipando yonse amatulutsa, azibambo amakhala panja patenti, azimayi m'nyumba pansi. Ine ndinakhala pafupi ndi Ba Mayo, pamalo a mwana wamkazi, poti Mwila ndi mwamuna ndipo anali panja. Alongo awo a malemu, Bana Chola, anali atafika kale kuchokera ku Ndola, mayi wamtali wosaseka ndi munthu. Iwowo ndi amene anayatsa foni ya malemu, chifukwa abale a ku Kasama ankadziwa nambala yokhayo, ndipo ikalira ankaiika pokweza mawu kuti onse amve pamene basi yafika. Za makina zinali zitandichokeratu m'mutu. Ndinali ndikulira bambo anga.

Masana ena, amayi a kwaya atangomaliza nyimbo, foni inalira. Bana Chola anadina.

"Ba Joseph, muli bwanji lero? Takusowanitu. Papita masiku osatsegula shopu, kodi kunyumba n'kwabwino?" Kenako kuseka kuja. "Musatitaye chonchi, Ba Joseph. Ngati muli bwino, dinani wani."

Mpaka lero ndimamvabe mmene kusekako kunamvekera m'chipinda chopanda mipando. Azimayi anayamba kutembenuka mmodzimmodzi, poti Chawama yense ankawadziwa mawu a Ba Malawi. Ine ndili pompo, pakamwa pali chitsekere, nsonga ya chitenje cha Ba Mayo ili m'manja mwanga.

"Ni uyu," anatero Bana Chola akundiloza ndi foniyo. "Ni mau ya uyu. Aseka, mulongo wanga ali mu mochale? Amuitana na zina monga ni mwana wake?"

Ndinayesa kufotokoza kuti ndi makina, kuti ndinapempha kale kuti nambalayo aichotse. Koma mawu amene ankatuluka pakamwa panga anali omwewo amene anali atangoseka kumene, ndiye ndikamalankhula zinthu zinkangoipiraipira. Gogo wina pakona anafunsa kuti munthu amalankhula bwanji m'foni iye atakhala chete pamphasa, ndipo amene anali pafupi nane anayamba kusendera kutali. Ndinayang'ana Ba Mayo. Ndinkangofuna anene liwu limodzi lokha. Iwo anali atayang'ana foni ija, osaphethira.

Bana Chola anandigwira pamkono n'kunditulutsa. Ndinadutsa pakati pa azibambo patenti ndilibe nsapato, poti zinatsala pamulu wa pakhomo. Kumanda ndinapita, koma ndinaima kutali, pambali pa manda a munthu wina amene sindimudziwa. Dothi sindinaponye.

Titaika maliro ndinalowa mu ofesi ya Ba Kelvin osagogoda. Ndinamufotokozera zonse, kuyambira kwaya mpaka nsapato. Anagwira pachibwano ngati munthu womva chisoni.

"Yaba. Koma sisitimu siziba malilo, Ba Malawi. Letani pepala ya imfa, tizatuma ku bene bake."

Mwila anandipatsa pepalalo osandiyang'ana kumaso. Ndinalipereka. Nditafunsa, ati likuonedwa. Nditafunsanso, ati amene amaona zimenezo ali patchuthi. Kampani yoti ukachedwa kuchimbudzi imadziwa nthawi yomweyo, inalephera kudziwa kuti munthu wamwalira ngakhale nditaiuza ndi pakamwa, ndi pepala, ndi misozi.

Abale atabalalika ndinatsalabe m'kachipinda kanga. Ba Mayo sanandithamangitse, koma makiyi anasiya kundisiyira, ndipo moni ankayankha ndi mutu. Shopu anaitsegulanso okha, osakhudza pulogalamu. Nambala ya malemu sakanaitaya, chifukwa ndi imene ankaidziwa obweretsa katundu. Choncho makina anapitiriza. Loweruka lililonse masana, ine ndikuchapa kuseri, ndinkamva mawu anga akutuluka pawindo la kuchipinda kwawo. Ba Joseph, muli bwanji lero. Ndinkaima, sopo ali m'manja, kudikira kuti adule. Sankadula. Ankawasiya mpaka kuseka, mpaka dinani wani, mpaka foni itazima yokha. Ndinkaganiza kuti akuchitira dala kuti ndimve.

Ndinayamba kudana ndi mawu anga. Kutchalitchi ndinasiya kuimba. Pa desiki ndinkayankha anthu mouma, moni wachidule, kanyali kofiira kanasiya kuyaka, Ba Kelvin n'kundiyamikira kuti tsopano ndaphunzira ntchito.

Chimene chinandimaliza chinali msonkhano wa Lolemba lina, tsiku limene eni kampani ankationera pakanema kuchokera kwawoko. Ba Kelvin anavala jekete. Anaonetsa pakhoma mmene makina akuyendera, kenako anati ali ndi chitsanzo chokoma, kasitomala wa ku Chawama amene saphonya foni ngakhale imodzi, amamvetsera mpaka kumapeto sabata iliyonse. Dzina linatuluka pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu. Joseph.

"Uyu ndiye kasitomala wokhulupilika," anatero. "Tiyeni tibaombele m'manja Ba Malawi."

Anaombadi m'manja. Iye sankachita chipongwe ayi, ndipo n'chimene chimandiwawa kwambiri. Anali ataiwala. Ndinamuuza katatu konse za munthu ameneyu, iye osasunga ngakhale dzina.

Ndinaimirira. Sindikumbukira zonse zimene ndinanena, koma ndinazinena m'Chichewa cha kwathu chosasakaniza, chimene iwo ankati ndi golide. Ndinamuuza kuti kasitomala wokhulupirikayo tinamukwirira, pepala la imfa yake lili m'dirowa ya iye Kelvin momwemo pansi pa mabisiketi. Ndinamuuza kuti amene akumvetsera ndi mayi wamasiye. Ndinati ndinu anthu opanda manyazi, afisi ovala majekete, odya ngakhale za akufa. Ndinamutchula Kelvin, popanda Ba. Anthu a pakanema aja ankangomwetulira osamva kanthu, mpaka wina anafunsa m'Chingerezi ngati ndikuthokoza. Kelvin anayankha kuti inde, ndakhudzidwa kwambiri, n'kuzimitsa maikolofoni.

Tsiku lomwelo anandionetsa msana wa njira, ati ndanyozetsa kampani pamaso pa eni ake. Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira pa ntchitoyo, ndiye ntchito kutha, ine ndi Lusaka tathana. Ndinafunsa mayi wa ku ofesi yoona za antchito kuti nanga mawu anga ndiwatenga bwanji. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Aya ni ya kampani," anatero.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke ndinalowa m'shopu n'kugwada. Ndinawauza Ba Mayo kuti ndikupita, ndipo ndisanapite ndikufuna ndikonze chinthu chimodzi chimene ndingathe, andibwereke foniyo nditseke nambala ya kampani kuti isadzalowenso. Ndikanachita kalekale, koma ndinkaopa kuwayandikira. Foniyo inali pakauntala. Nditangotambasula dzanja anaitsomphola n'kuilowetsa m'bulauzi.

"Siya."

"Ba Mayo, ndi makina amenewo. Si ine. Sakudziwa n'komwe kuti bambo anatisiya."

"Niziba ni mashini. Uganiza nine mwana?" Anapukuta kauntala yoyera kale. "Bonse manje bakamba ati malemu. Ku chechi malemu, Mwila malemu. Uja yeka ndiye akali kumufunsa ngati ali bwino. Na zina. Nenze kumuitana so tikalibe kukwatilana, ku Kasama. Joseph."

Aka kanali koyamba kuwamva akulitchula. Ndinalira, koma sichinali chisoni chokha. Ndinapsanso mtima kwambiri. Anthu aja anatenga moni umene anandiphunzitsa amayi anga n'kuusandutsa nyambo, ndipo amene anakodwa ndi mayi amene ananditayira ndowa. Loweruka lililonse iwo akamalira m'chipinda mwawo, kwinakwake pakhoma mzere wa chiwerengero cha makasitomala ukukwera, anthu akuomba m'manja.

Anandipatsa chitenje, ndi kapenta woti ndikapatse amayi. "Uyende bwino," anatero. Mwana wandi sananene.

Kwathu ndinapeza nyumba ya malata ndi Chisomo ali mtsikana wamtali amene ankatcha agogo ake kuti amayi, ine n'kumandipatsa moni atagwada patali ngati mlendo. Ndikalankhula ankabisa nkhope kuseka, ati ndikumati vinthu ndi manje. Achimwene anakwiya kuti ndataya ntchito yabwino chifukwa cha maliro a anthu oti si abale athu. Sindinawayankhe, chifukwa ndikanawayankha bwenzi tisakulankhulana mpaka pano. Ndinayamba kugulitsa kaunjika paboma. Tisa amawoloka nthawi zina kudzaoda, timakhala pabelo n'kumamutukwana Kelvin mpaka mtima utatsika. Iye ndi amene anandiuza kuti makina aja anawakulitsa, tsopano ndikuimbira anthu mpaka ku Kabwe, ndipo alamu ake a ku Mtendere amandipatsa moni, ati ndisatope kuwakumbukira.

Ndinakhala nthawi yaitali ndisanalimbe mtima kuwaimbira Ba Mayo. Ndinkaopa kuti akangomva mawu anga adula. Tsiku lina msika utatha msanga ndinagula mayunitsi okwanira, ndinakakhala kuseri kwa nyumba, zonena nditakonzeratu. Ndinaimba pa nambala ya malemu ija, poti ndiyo ankagwiritsa ntchito. Sindinaganize n'komwe kuti linali Loweruka masana, nthawi ya makina aja. Foni inangolira kamodzi.

"Ba Mayo, muli bwanji?"

Ndinkamva kupuma kwawo.

"Ba Mayo, ndine. Ndili ku Mchinji."

"Oo. Ndiwe iwe." Mawu awo anatsika. Anafunsa za amayi, anafunsa za Chisomo, mwaulemu koma mofulumira. Ndinayamba kuwauza kuti ndimawasowa, kuti palibe tsiku limene sindiwaganizira, kuti ndikufuna ndidzabwere ndi Chisomo sukulu akatsekera adzawaone agogo ake ena. Anandidula pakati.

"Iwe, dula foni. Ni nthawi yake iyi. Angapeze laini ili bize."

Ndinadula.